Galimoto ya dizilo siikukoka? Musathamangire kugula sensa, yambani ndi izi

Mwaponda moto mpaka pansi koma galimoto ikungoyenda ngati yanyamula matumba a simenti, pa chitunda ma minibasi odzadza akukupitirirani, mwina ka nyale ka injini kayaka pa dashibodi mwinanso ayi. Ambiri apa timathamangira ku galaja, amaiyika pa kompyuta, nkutiuza kuti ndi sensa, tagula sensa, tsiku lachitatu vuto labwerera. Kompyuta ija siinama ayi, koma imangoloza mbali yomwe yaona zachilendo, siinena kuti chitsulo chakufa ndi ichi. Sensa ikhoza kukhala yabwinobwino ikungonena zoona kuti mpweya sukufika chifukwa paipi yang'ambika. Ndiye tiyambe ndi zotchipa, zodula zibwere kumapeto.

Izi ndi za magalimoto a dizilo okhala ndi kompyuta, monga Hilux ndi Fortuner za D-4D, Ranger, Navara, D-Max, Triton, CX-5 ya dizilo ndi ma TDI a VW. Ngati yanu ndi yakale ya pampu wamba ngati 3L kapena TD27, sitepe 1, 3 ndi 4 zikukukhudzani, za ma khodi (manambala omwe kompyuta ya galimoto imasunga ikaona vuto) zidumpheni.

Zofunika kukhala nazo

- Kachipangizo kowerengera ma khodi ka OBD2, ngakhale ka ELM327 kolumikiza ku foni ndi pulogalamu ya Torque kapena Car Scanner
- Multimeter, yoyezera magetsi
- Ma sipanala ndi ma soketi makamaka 8, 10 ndi 12, sikuludiraiva, ndi ma torx chifukwa sensa zina zimamangidwa ndi amenewo
- Sipuleyi yotsukira MAF (sensa yoyeza mpweya wolowa) kapena contact cleaner
- Fyuluta yatsopano ya dizilo, ndi ya mpweya ngati yanu yakhalitsa
- Botolo loyera loonekera mkati, nsanza, tochi
- Pepala ndi cholembera
- Mnzanu mmodzi woti azigwira foni inu mukuyendetsa

1. Mvetserani kaye momwe ikufookera

Musanatsegule boneti yendetsani galimoto pa msewu womwe mumaudziwa bwino, wokhala ndi chitunda, ndipo mulembe zomwe mukuona. Kodi ndi yofooka nthawi zonse kuyambira mmawa, kapena imayamba bwino nkudzataya mphamvu mwadzidzidzi mukaponda kwambiri? Yachiwiriyi, makamaka ngati ma levu akukana kudutsa cha pa 2,500 kapena 3,000 ndipo mukaizimitsa nkuilizanso mphamvu zikubwerera, ndi kompyuta yomwe yachepetsa dala mphamvu kuti iteteze injini, amakaniko amati limp mode. Anthu oyenda kuchokera ku Chikwawa amaidziwa bwino pokwera Thabwa, pansi ponse ili bwino, yangoyamba kukwera basi yagwa mphwayi.

Yang'anani utsi kumbuyo. Wakuda ukutanthauza kuti dizilo wachuluka kuposa mpweya, ndiye ganizirani fyuluta ya mpweya, paipi ya tebo, EGR (valavu yobweza utsi wina mu injini) kapena ma injekita. Woyera wonunkha dizilo ndi mafuta osapsa bwino. Wa buluu ndi oyilo. Ngati kulibe utsi olo pang'ono koma mphamvu palibe, nthawi zambiri dizilo ndi amene sakufika kapena kompyuta yamuchepetsa. Koma galimoto yokhala ndi DPF, fyuluta yogwira mwaye mu ekizozi, imabisa utsi wakuda, musadalire maso okha pa imeneyo.

Chenjezo: si kufooka konse komwe kuli kwa injini. Ikani giya yapamwamba pa liwiro lochepa nkuponda moto, ma levu akakwera koma liwiro osakwera ndiye kuti klatchi ikutsetsereka. Mukaima yandikizani dzanja pa limu lililonse osagwira diski, limodzi likatentha kuposa anzake buleki ikugwira. Onaninso kapeti ya pansi ngati siinalowe kunsi kwa pedulo.

2. Werengani ma khodi, muwalembe, musafufute musanalembe

Polumikizira kachipangizo ka OBD2 pali mabowo 16, nthawi zambiri pansi pa chiwongolero. Tsegulani kiyi osaliza injini, lumikizani, werengani. Lembani khodi iliyonse papepala kapena jambulani sikilini. Ngati pulogalamu yanu ikuonetsa freeze frame ilembeninso, imeneyo imakuuzani ma levu, liwiro ndi kutentha kwa injini pa nthawi yomwe vuto linachitika.

Ma khodi omwe amabwera kawirikawiri pa vuto ili:

P0100 mpaka P0103, mbali ya MAF, sensa yoyeza mpweya wolowa
P0105 mpaka P0108, mbali ya MAP, yoyeza mphamvu ya mpweya wa tebo
P0299, mpweya wa tebo wachepa, P0234 wachuluka
P0401, EGR siikudutsa mokwanira
P0087, mphamvu ya dizilo mu rail (paipi yachitsulo yogawira dizilo ku ma injekita) yatsika
P0190 mpaka P0193, sensa ya pa rail
P2002 ndi P2463, DPF
P2120 mpaka P2138, pedulo ya moto
P0335 ndi P0340, sensa za crank ndi cam

Mukalemba zonse ndiye fufutani, yendetsaninso pa chitunda chomwe chija, muone yomwe yabwerera. Yobwererayo ndiye yoitsata, zinazo mwina ndi zakale za pomwe wina anazula pulagi injini ikulira.

Chenjezo: ma khodi akabwera ambirimbiri a sensa zosiyana nthawi imodzi, sensa zonsezo sizingafe tsiku limodzi. Yezani batire, izikhala cha pa 12.4 mpaka 12.6 V injini itazima ndipo cha pa 14 V ikulira, onani ma temino ndi waya wa earth wochoka ku batire kupita ku bode ndi ku injini. Komanso magalimoto ena ochokera ku Japan salankhula bwino ndi ka ELM327, kakakuuzani kuti palibe khodi pomwe nyale ikuyaka musakhulupirire, pitani kwa amene ali ndi mashini aakulu.

3. Njira ya mpweya, kuyambira ku fyuluta mpaka ku injini

Apa ndi pomwe ndimafuna mukhalitsepo chifukwa mavuto ambiri amathera pompano ndipo sipafuna ndalama zambiri. Injini ikhale yozima ndi yozizira.

Tulutsani fyuluta ya mpweya muiyang'anitse ku dzuwa, kuwala kukapanda kudutsa isintheni. Ndi fumbi la misewu yathu ya dothi nthawi ya chilimwe fyuluta siifika makilomita omwe analemba m'buku. Kuipopera ndi kompulesa mwamphamvu kumaboola pepala lake, fumbi nkumadutsa kukadya mapiko a tebo ndi kudetsa MAF. Onaninso m'bokosi mwake, makoswe amakonda kumanga chisa mmenemo galimoto ikakhalitsa osayenda.

Kenako tsatirani paipi ndi manja anu, kuchoka ku tebo kupita ku intercooler (choziziritsa mpweya wa tebo), kuchoka ku intercooler kupita ku injini. Finyani paipi iliyonse ya labala, ipindeni pang'ono, yang'anani kunsi kwake ndi tochi chifukwa mng'alu umakonda kubisala mbali yosaoneka ndipo umangotseguka tebo ikayamba kupopa. Chizindikiro chake ndi malo onyowa ndi oyilo wakuda omwe fumbi lamatirira, komanso kaphokoso ka fyuuu mukaponda moto. Ma Ranger amadziwika ndi vuto limeneli la paipi ya intercooler. Mangitsani ma kilampu onse. Intercooler yeniyeniyo ionetsetseni m'makona momwe aluminiyamu amakumana ndi pulasitiki, ndiponso kutsogolo ngati mwala sunaiboole.

Ine yanga inandizunza pafupifupi mwezi ndi P0299, ku galaja ina anandiuza kuti tebo yatha ndiyambe kusaka ndalama, ndinadwala nazo mutu. Tsiku lina ndikusintha fyuluta ndinangogwira paipi ya pansi, chala nkulowa. Mng'alu wake unali wautali ngati chala chomwecho basi.

Timapaipi tating'ono ta vacuum topita ku tebo ndi ku EGR timauma nkusweka kumapeto, tionetsetseni tonse. Ngati mwachotsa paipi yolowera ku tebo gwirani kamtengo kapakati, kugwedera pang'ono chammbali nkwabwinobwino, koma kukamapita mkati ndi kunja kapena mapiko akukhula m'mbali ndiye tebo yadwaladi.

Chenjezo: oyilo pang'ono wongonyowetsa mkati mwa paipi asakuopseni, ma dizilo ambiri amatero. Koma mukapeza wadikha wambiri mu intercooler musailize mpaka atachotsedwa ndi kupeza komwe akuchokera, injini ya dizilo imatha kuyamba kumwa oyilo wakeyo nkuthamanga yokha osazimitsika ndi kiyi. Ndipo musaiwale nsanza mkati mwa paipi pobwezeretsa.

4. Dizilo ndi fyuluta yake

Nthawi ya kusowa kwa mafuta ambiri tinathirapo wa m'zigubu, ndipo wina amakhala ndi madzi, dothi kapena wosakaniza ndi palafini. Injini ya common rail, yomwe ma injekita onse amalandira dizilo kuchokera mu rail imodzi, siigwirizana nazo zimenezo olo pang'ono.

Pansi pa fyuluta ya dizilo pamakhala kotsegulira madzi. Ikani botolo loyera, tsegulani, popani ndi ka pampu ka pamwamba ngati kalipo, mulandire pang'ono. Lisiyeni botolo mphindi zingapo. Madzi amakhala pansi, dizilo pamwamba, mzere wake umaoneka bwinobwino. Mukapeza madzi ambiri kapena zinyalala zakuda ndiye kuti thanki nayo ikufunika kutsitsa nkutsuka, kusintha fyuluta yokha kungokupatsani sabata imodzi kapena ziwiri.

Sinthani fyuluta ngati simukukumbuka tsiku lomwe inasinthidwa. Fyuluta yotsekeka imalola dizilo wokwanira pa idling ndi mtauni, koma mukafuna mphamvu pa chitunda pampu imasowa chokoka, P0087 nkubwera. Mukamanga yatsopano popani mpaka ka pampu kalimbe musanalize. Kakamalimba kenako mmawa nkupezeka kafewanso, mpweya ukulowa penapake, onani ma labala a fyuluta ndi mapaipi ake.

Pa magalimoto a pampu ya Denso, monga Hilux D-4D, Navara ya YD25 ndi Triton, pali ka valavu kumbuyo kwa pampu kotchedwa SCV. Kakayamba kukakamira galimoto imachita befu mukaponda, idling imakwera nkutsika, nthawi zina kuzima pa mphambano, mukailizanso ili bwino. Ambiri agulitsidwa pampu yonse kapena ma injekita pomwe vuto linali kameneka. Koma fyuluta iyambe yasinthidwa musanakaganizire.

Chenjezo lalikulu: musamasule paipi yachitsulo ya ku injekita injini ikulira monga timachitira pa ma injini akale pofuna kudziwa silinda yomwe yafa. Mu common rail dizilo amafika 1,600 bar ndi kupitirira, amaboola khungu nkulowa m'thupi, munthu akhoza kuduka chala kapena dzanja. Musafufuzenso podontha ndi dzanja. Mbali imeneyo ndi ya amakaniko odziwa.

5. Funsani ma sensa kudzera pa live data

Tsopano ndi pomwe tikufika pa sensa zenizeni, live data ndi manambala omwe pulogalamu imaonetsa kuti sensa iliyonse ikuwerenga chiyani nthawi yomweyo. Nthawi yabwino ndi mmawa galimoto itagona usiku wonse. Tsegulani kiyi osaliza.

Sensa ya kutentha kwa madzi ndi ya kutentha kwa mpweya ziwerenge pafupifupi mofanana ndi kunja. Kunja kuli 20 koma ina ikuti 70 kapena -40, imeneyo kapena waya wake ndiye wolakwa.

MAP iwerenge mphamvu ya mpweya wa pamalo pomwe muli. M'mbali mwa nyanja ya mchere imakhala cha pa 101 kPa, koma kuno tili pamwamba, ku Lilongwe ndi ku Blantyre muona cha pa 89 kapena 90, ku Dedza kutsikirapo, ku Nsanje kufupi ndi 100. Ndanena izi chifukwa ena amaona 89 nkuyerekeza ndi zomwe awerenga pa intaneti za kunja nkuganiza kuti sensa yafa, pomwe ili bwino.

Pondani pedulo pang'onopang'ono mpaka pansi mukuyang'ana nambala yake, izikwera mosalala osadumpha kapena kubwerera ku ziro pakati. Onaninso switch ya buleki, pa magalimoto ena makamaka a VW kompyuta ikamaona ngati mwaponda buleki imadula moto.

Kenako lizani, mnzanu agwire foni, pitani pa chitunda. Mu giya yachitatu pondani mpaka pansi kuyambira cha pa 1,500. MAP ikwere msanga kufika cha ku 200 kPa kapena kupitirira malinga ndi galimoto, MAF ikwere limodzi nayo. Ngati pulogalamu ikuonetsa rail pressure yomwe kompyuta ikufuna ndi yomwe ilipodi, ziwirizo ziziyendera limodzi. Yeniyeniyo ikamatsalira kumbuyo mukaponda, bwererani ku sitepe 4, vuto ndi dizilo osati mpweya. MAP ikakwera kwambiri kenako mphamvu nkuduka ndi P0234, kawirikawiri timapiko tosinthasintha ta mkati mwa tebo tagwidwa ndi mwaye, zimachitika pa galimoto yongoyenda pang'onopang'ono mtauni.

Chenjezo: musayendetse mukuyang'ana foni nokha.

6. Tsukani MAF ndi MAP musanagule zina

Zimitsani, chotsani kiyi. MAF imakhala pa paipi pafupi ndi bokosi la fyuluta ya mpweya. Zulani pulagi modekha, timano take timathyoka msanga tikakalamba. Masulani, poperani sipuleyi pa kawaya kapena kambale kakang'ono ka mkati kangapo, isiyeni iume yokha mphindi 15, bwezerani. Osaigwira ndi chala, nsanza, burashi kapena thonje, osaipopera ndi kompulesa, osathira petulo kapena carb cleaner.

MAP imakhala pa manifold (yogawira mpweya ku ma silinda) kapena pa paipi yochoka ku intercooler, ndipo pa dizilo wa EGR mumaipeza itakwiririka ndi phala lakuda la mwaye ndi oyilo. Itsukeni ndi sipuleyi yomweyo, osatokosa kabowo kake ndi waya. Pa Hilux ndi Prado za D-4D sensayi imalumikizidwa ndi kapaipi kokhala ndi ka fyuluta kakang'ono, kameneko kamatsekeka ndipo ambiri sadziwa nkomwe kuti kalipo.

Musanabwezere pulagi yang'anani mkati mwake ngati mulibe dzimbiri lobiriwira kapena madzi, makamaka ngati injini inatsukidwa ndi mpope wamphamvu ku car wash. Ndi kiyi yotsegula, sensa zambiri za MAP zimalandira 5 V pa waya mmodzi ndipo wina ndi earth, yezani ndi multimeter. Palibe 5 V ndiye kuti sensa yatsopano siithandiza kanthu, tsatirani waya. Injini ikulira gwedezani mawaya pang'ono mnzanu akuyang'ana nambala, ikadumpha mwapeza poduka.

Pa ma TDI akale a VW anthu amazula pulagi ya MAF nkuyendetsa pang'ono, ikakoka bwino kuposa kale amadziwa kuti MAF yatopa. Pa magalimoto ena kuzulako kumangoigwetsera mu limp mode ndiye sikukuuzani chilichonse.

7. EGR

EGR imabweza utsi wina mu injini. Ikakakamira yotsegula utsi umalanda malo a mpweya wabwino, galimoto imafooka ponyamuka, utsi wakuda, ndipo MAF imawerenga mpweya wochepa. Apa kompyuta imatha kulemba P0101 ngati kuti MAF ndiye yolakwa pomwe ikunena zoona. Mukatsuka MAF koma nambala yake ikadali yotsika pa idling, masulani EGR muione. Palani mwaye, tsukani mpaka valavu izitseka bwinobwino, ikani gasiketi yatsopano. Suzumirani ndi tochi mu manifold, mwina njira yatsala yopapatiza ngati chala. Ikakhala choncho manifold ichotsedwe nkukatsukira pansi, osapalira ili pa injini chifukwa zibuma za mwaye zigwera mu silinda. EGR ya magetsi musainyike mbali ya mota mu mankhwala.

8. DPF, ngati yanu ili nayo

Ma CX-5 ndi ma Demio a dizilo ochokera ku Japan ali nayo, ndi ma dizilo ambiri atsopano. Imagwira mwaye nkumauwotcha yokha galimoto ikatentha pa ulendo wautali, ndiye yongoyenda kunyumba, kusukulu, kuntchito pa mzere wa magalimoto siipeza mpata. Nyale yake ikangoyaka kumene, pitani pa msewu waukulu muyende mphindi 20 mpaka 30 osaima ma levu ali pamwamba pa 2,000. Koma yambani mwaona oyilo, kuwotcha kukamadukizadukiza dizilo amatsikira mu oyilo nkumachuluka. Pa Mazda pa dipstick pali chizindikiro cha X, akafika pamenepo sinthani oyilo kaye. Oyilo wake akhale wa magalimoto a DPF, monga DL-1 kapena wa gulu la C lomwe buku lanu likunena, osati aliyense wa dizilo.

Pali sensa yoyeza kutsekeka kwa DPF yolumikizidwa ndi timapaipi ku ekizozi, timeneto timapsa kapena kutsekeka, kompyuta nkumaganiza kuti DPF yadzadza. Tioneni musanavomere zoti DPF yatha. Ndipo DPF siitsekeka popanda chifukwa, paipi yong'ambika, EGR kapena injekita yodontha ndi zomwe zimachulutsa mwaye. Pomwe ikuwotcha ekizozi imatentha kwambiri, musaimike pa udzu wouma.

9. Pofika apa ndiye pitani kwa katswiri

Mpweya uli bwino, fyuluta yatsopano, mawaya ali bwino koma siikukokabe, zotsala ndi ma injekita, pampu, tebo yeniyeni, timing kapena compression. Pemphani kuti ayeze dizilo wobwerera kuchokera ku injekita iliyonse ndi kuona manambala omwe kompyuta ikuwongolera silinda iliyonse, yomwe yatalikana ndi anzake imaonekera. Mupite ndi pepala lanu lija la ma khodi ndi zomwe mwayeza. Akasintha injekita pa common rail nambala yake imafunika kulowetsedwa mu kompyuta, afunseni ngati achita.

Zolakwika zomwe ambiri timachita

Kufufuta ma khodi osalemba, kapena kuchotsa batire kuti nyale izime, ndiye mwataya umboni wonse.

Kusintha zinthu zitatu tsiku limodzi. Ikachira simudziwa chomwe chinali vuto, ikapanda kuchira simudziwa ngati chatsopano china chabweretsa vuto lake. Chimodzi, yendetsani, kenako china.

Kugula sensa yotchipa yopanda dzina. MAF yotere imatha kuwerenga molakwika kuposa yakale yanu yakuda ija. Tengani nambala yolembedwa pa sensa yanu, mugule ya Denso, Bosch kapena Hitachi malinga ndi yomwe inalipo, ndipo yakaleyo isungeni mpaka mutatsimikiza. Ngati mnzanu ali ndi galimoto yofanana ndendende, kubwereka yake kwa mphindi khumi kukuuzani zoona musanatulutse ndalama.

Kupitiriza kuyenda miyezi mu limp mode pongozimitsa nkuliza ikafooka. Ngati chifukwa chake ndi dizilo wakuda, nthawi yonseyo pampu ndi ma injekita zikudyeka.

Kulola kuti azule babu la nyale ya injini kapena kulimata tepi, izi zimachitikanso pa magalimoto ogula kwa munthu, ndiye potsegula kiyi onani ngati nyaleyo ikuyaka kaye isanazime injini ikalira.

Kuthira petulo kapena palafini mu thanki kuti atsuke ma injekita. Pampu ya common rail imadalira dizilo yemweyo kuti isakhulane mkati, mukamuchepetsa kuterera imayamba kutulutsa tizitsulo tomwe timapita mu rail ndi ma injekita onse, ndipo zikatero ndiye kusintha zonse pamodzi ndi kutsuka thanki.